Kuphunzira Ulimi wa Nsomba pa Yunivesiti

Lero tikamba za maphunziro amene ambiri a inu simunawamvepo. Mwana akafunsidwa cimene afuna kudzakhala atakula, kawirikawiri amayankha kuti dokotala, mphunzitsi, namwino kapena woyendetsa ndege. Pamene ndinauza ana a sukulu ina kuti kuli anthu amene amakhala zaka zinai pa yunivesiti kuphunzira kuweta nsomba, kalasi lonse linaseka. Mnyamata wina anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, kodi nsomba nayonso ifuna kuiphunzitsa kusambira?"

Mnyamatayo anali kucita nthabwala, koma funso lake ndi limene akulu ambiri ali nalo mumtima. Kodi dziwe la nsomba si dzenje cabe lokhala ndi madzi? Nanga muli ciani m'menemo cimene munthu angathere zaka zinai ali kuciphunzira? Ndiyankha pokusimbirani zimene ndinaona ndi maso anga.

Caka cina m'mwezi wa Novembala, dzuwa lili kuswa mtengo, ndinafika pa mudzi wina m'boma la Nyimba. Kumeneko bambo wina anali atakumba dziwe kumunsi kwa dimba lake la nthoci, nagula tiana ta nsomba ndi ndalama zimene anapeza atagulitsa mbuzi ziwiri. Anazisamala miyezi isanu. Pofuna kuti zikule msanga Khirisimasi isanafike, anakhuthuliramo matumba angapo a zitosi za nkhuku pa nthawi imodzi, ndipo madzi anabiriwira kwambiri kotero kuti munthu pomiza cikhatho sanathe kucionanso. Kenaka kunacita mitambo masiku awiri, mvula osagwa. M'mawa mwa tsiku lacitatu anapeza nsomba zambiri zili kuyandama, mimba zili m'mwamba, zotsalazo zili kuyasama pamwamba pa madzi.

Bamboyo sanakayike konse. Anati mnansi wake, amene anakangana naye za malire a dimba, ndiye anathira katupe usiku. Nkhani inafika kwa amfumu, ndipo mabanja awiriwo analeka kupalana moto.

Amene anathetsa mlanduwo anali mlangizi wa za nsomba, mtsikana amene anali atangomaliza kumene maphunziro ake pa yunivesiti. Iye sanafunse za malire. Anati, "Atate, kodi nsombazi zinafa nthawi yanji? Zinayamba kufa ndi ziti, zazikulu kapena zazing'ono?" Bamboyo anayankha kuti zinafa mbanda kuca, ndi kuti zazikulu ndizo zinatha, pamene tating'ono tambiri tinatsala. M'mawa mwake mtsikanayo analawira tambala woyamba ndi cida cake coyezera mpweya wa m'madzi. Anayeza dzuwa lisanatuluke, nayezanso masana, naonetsa amfumu ndi anthu onse manambala awiriwo. Panalibe munthu amene anathira mankhwala. Nsombazo zinafa cifukwa cosowa mpweya.

Tsono mvetsetsani bwino apa, pakuti nkhani yathu yonse yagona pamenepa. Nsomba imapuma monga ife, koma iyo imatenga mpweya wa okisijeni umene wasungunuka m'madzi, ndipo mpweya umenewo ndi wocepa kwambiri. M'lita imodzi ya madzi ozizira a 20°C mungathe kukhala mamiligalamu 9 okha a okisijeni. Madziwo akatentha kufika 30°C, mumatsala ngati 7.5. Kubiriwira kwa madzi a m'dziwe kumadza ndi tizomera tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene manyowa amatikulitsa monga momwe amakulitsira cimanga. Tizomerati ndi cakudya ca nsomba, ndipo masana, dzuwa likawala, timatulutsa okisijeni. Koma usiku timaleka kutulutsa, tiyamba kupuma mpweya womwewo pamodzi ndi nsomba, ndi manyowa amene ali kuola pansi naonso amaudya. Motero m'dziwe lililonse mpweya umaculuka ca kumadzulo, nucepa kwambiri mbanda kuca. Bambo uja anaculukitsa manyowa, madzi anali otentha, ndipo mitambo inabisa dzuwa masiku awiri. Nsomba zazikulu, zimene zifuna mpweya wambiri, ndizo zinayamba kufa. Cikhala kuti anali mankhwala, kawirikawiri zazing'ono ndizo zikanayamba. Akanadziwa, akanaleka kudyetsa ndi kuthira manyowa, nalowetsa madzi atsopano pamene anaona nsomba zoyamba zili kuyasama.

Mlimi wa cimanga amaona mbeu yake tsiku ndi tsiku. Masamba akacita cikasu adziwa kuti cina calakwika. Mlimi wa nsomba saona mbeu yake. Munda wake uli pansi pa madzi, ndipo njira yodziwira zimene zili kucitika m'menemo ndiyo kuyeza, kuwerenga ndi kulemba. Zimenezi ndizo amaphunzira anthu pa yunivesiti.

Kapena wina afunsa kuti, tivutikiranji kuweta nsomba pamene Luangwa ali pompano? Inde, amene munapitapo ku Lusaka pa mseu waukulu wa Great East munaona nsomba zowamba zimene amai amagulitsa pa Mlatho wa Luangwa. Makolo athu anali kugwira nsomba ndi miono, mbedza ndi maukonde, ndipo zinali kuwakwanira. Koma kalembera wa 1969 anapeza kuti mu Zambia munali anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni, pamene kalembera wa 2022 anapeza 19.6 miliyoni. Anthu aculuka pafupifupi kasanu, koma mitsinje ndi nyanja ndi zomwe zija. Ndi cifukwa cake Boma limatseka usodzi m'mitsinje ndi m'madambo ambiri kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, kuti nsomba ziswane, ndi cifukwa cakenso dziko lathu limagula nsomba zina kunja. Si ife tokha. Bungwe la FAO, limene liyang'anira za cakudya ndi ulimi pa dziko lonse, linalengeza mu 2024 kuti m'caka ca 2022, kwa nthawi yoyamba, nsomba ndi nyama zina za m'madzi zoweta zinaposa zogwidwa m'nyanja ndi m'mitsinje. Zowetazo zinali matani 94.4 miliyoni, ndiko kuti 51 pa 100 iliyonse.

Kuno kwathu nchito imeneyi inayamba m'zaka za m'ma 1940, pamene anayesa kuweta nsomba za m'mitsinje yathu m'maiwe a ku Chilanga. Pambuyo pake Boma linakumba maiwe ena oyeserapo ndi oswetsera mbeu, monga a ku Mwekera pafupi ndi Kitwe ndi a ku Chipata. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, a FAO anayambitsa nchito ya ALCOM muno m'cigawo ca Kum'mawa, yothandiza alimi a m'midzi kukumba maiwe ao. Lero pa Nyanja ya Kariba, ku Siavonga, pali makola akuluakulu a maukonde oyandama pa madzi, mmene makampani monga Yalelo ndi Lake Harvest amawetera nsomba zimene muziona m'masitolo a m'matauni.

Wofuna digiri ya maphunzirowa angathe kupita ku Copperbelt University ku Kitwe, imene inakhazikitsidwa mu 1987. Kumeneko kuli maphunziro a usodzi ndi ulimi wa nsomba pamodzi. Ku Kapasa Makasa University ku Chinsali nakonso amaphunzitsa za nsomba. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, kuli Bunda pafupi ndi Lilongwe, imene tsopano ili mbali ya yunivesiti ya LUANAR. Mu 2016 inasankhidwa kukhala likulu la maphunziro apamwamba a za nsomba m'cigawo cino ca Africa, ndipo kumapita ophunzira a m'maiko ambiri.

Caka coyamba cimakhumudwitsa ena, pakuti wophunzira amene anayembekeza kugwira ukonde amapezeka ali m'kalasi kulimbana ndi masamu ndi sayansi: ya zamoyo, ya mankhwala ndi ya mphamvu. Nsomba amayamba kuziona bwino m'zaka zotsatira. Pamenepo amatumbula nsomba kuti adziwe ziwalo zake, amayang'ana dontho la madzi pa maikulosikopu, amaphunzira kuyeza malo ndi kusankha dothi. Dothi la mcenga silisunga madzi. Lofunika ndi la dongo, limene munthu akaliumba lonyowa naliponya m'mwamba, poliwakha silimwazika. Amaphunzira kupendeketsa pansi pa dziwe kuti madzi onse athe kutuluka pa tsiku lokolola.

Phunziro limene ine linandidabwitsa koposa ndi la kuswana. Nsomba zimene alimi athu amaweta kwambiri ndi za mtundu umene pamsika amati bream, abale ake a cambo ca ku Nyanja ya Malawi. Imodzi mwa izo ndi ya madontho atatu m'nthiti, imene a sayansi amati Oreochromis andersonii. Yaimuna imakumba cisa conga mbale pansi pa madzi, yaikazi niikira mazira m'menemo, kenaka niwatola ndi kuwasunga m'kamwa mwake kufikira ataswa. Masiku onsewo siidya kanthu. Ngakhale tiana titayamba kusambira, tikaona coopsa timathawira m'kamwa mwa amai ao. Ana inu muganiza kuti zimenezi ndi zokondweretsa, ndipo ndi zoona. Koma kwa mlimi ndi bvuto. Nsomba yosadya siikula, ndiponso popeza mai amateteza ana ake bwino comweci, dziwe limadzala ndi tinsomba tambirimbiri tolimbirana cakudya. Mlimi anaika 500, akolola zikwi, koma zonse ngati matemba, zosagulitsika pa mtengo wabwino. Cifukwa ca ici ophunzira amaphunzira kusiyanitsa yaimuna ndi yaikazi, ndi njira zopezera mbeu ya amuna okhaokha, pakuti amuna amakula msanga ndipo paokha saswana. Ilipo ina yofiira pacifuwa, Coptodon rendalli, imene siisunga mazira m'kamwa. Iyo imadya masamba, ndipo mlimi wa dimba angathe kuiponyera masamba a mbatata, a cinangwa ndi a nthoci.

Kenaka pali cakudya, ndipo apa ndi pamene masamu amalowa. Aphunzitsi, lembani citsanzo ici pa bolodi. Dziwe ndi la mamita 20 m'litali ndi mamita 15 m'lifupi. Kukula kwake ndi masikweya mita 300. Tikaika nsomba 3 pa sikweya mita iliyonse, tifuna tiana 900. Si tonse tidzakula, pakuti kuli akatumbu, ang'anzi, akakowa, ndiponso akuba a miyendo iwiri. Tinene kuti pa 100 iliyonse zapulumuka 80. Zotsala ndi 720. Ngati nsomba 4 zikwana kilogalamu imodzi, mlimi akolola makilogalamu 180. Ndipo ngati kilogalamu imodzi ya nsomba ifuna kilogalamu imodzi ndi theka ya cakudya cogula, ndiye kuti wagula makilogalamu 270. Pa ulimi wotere cakudya cimadya ndalama zoposa theka la zonse zimene mlimi aononga. Amene sadziwa kucita masamuwa asanakumbe dziwe angathe kugwira nchito miyezi isanu ndi umodzi, nagulitsa nsomba zake zonse, osadziwa kuti walowa pansi.

Pamenepa ndi pamene ndiona mwai wa ana a ku Petauke. Boma lanu limalima cimanga, nsawa, soya ndi mpendadzuwa. Gaga wa cimanga ndi zotsala pofinya mafuta a soya ndi a mpendadzuwa ndizo zipangizo zenizeni za cakudya ca nsomba. Koma gaga yekha sakwanira, cifukwa alibe zomanga thupi zambiri, ndipo soya wosaphika kapena wosakazinga ali ndi zinthu zolepheretsa nsomba kugaya bwino cakudya. Kudziwa kuti pa thumba limodzi pafunika gaga wotani ndi soya wotani, kwa tiana ndi kwa nsomba zazikulu, ndi phunziro la caka cathunthu.

Cinanso cimene buku lolembedwa kutali silingakuuzeni ndi nyengo ya kwanu. Bream imakula bwino madzi akakhala pakati pa 25°C ndi 30°C. Akazizira kutsika pa 20°C imacepetsa kudya ndi kukula. Kumtunda kwa Petauke, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, madzi amazizira, ndipo mlimi amene apitiriza kuthira cakudya cambiri angotaya ndalama ndi kuononga madzi. Kucigwa ca Luangwa, kumunsi kwa Nyimba, kumatentha, nsomba zimakula msanga, koma monga tamva, madzi otentha sasunga mpweya wambiri ndiponso amauma msanga. Maboma awiri oyandikana, koma malangizo ao sangafanane. Ndiponso cigawo cathu sicili ngati Luapula kapena Kumpoto, kumene timitsinje timayenda caka conse. Kuno timitsinje tambiri timaphwa mvula ikatha. Mukumbukira cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Funso loyamba la mlangizi wanzeru kuno kwathu si lakuti, "Muika nsomba zanji?" koma lakuti, "Kodi madzi awa adzakhalapo mu Okutobala?" Nthawi zina uphungu wabwino ndiwo kuuza munthu kuti asakumbe konse pamalo pamene wasankha, ndipo kunena zimenezi kwa munthu wamkulu amene wanola kale khasu kufuna kulimba mtima.

Za matenda ndi za malamulo ndingokhudza pang'ono. Kuli nthenda ya zilonda za nsomba, imene akatswiri amaifupikitsa kuti EUS. Inaoneka m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi mu 2006 ndi 2007, ndipo mu 2020 inapezeka ku Mchinji m'Malawi, pafupi ndi Chipata. Imafala ndi nsomba zosamutsidwa ndiponso maukonde obwerekana. Kulinso nkhani ya bream ya ku mtsinje wa Nile, imene inabwera m'dziko muno m'zaka za m'ma 1980. Imakula msanga ndipo alimi amaikonda, koma inathawira mu Kafue, kumene ili kuswana ndi yathu ya madontho atatu ndi kusokoneza mtundu wake. Kodi mlimi wa m'mbali mwa Luangwa aloledwe kuiweta? Ophunzira amatsutsana kwambiri pa funso limeneli. Ine maganizo anga ndi akuti nsomba imene yalowa mumtsinje palibe angaibweze, ndipo ndi bwino kucedwa kulola kusiyana ndi kufulumira. Ndi cifukwa cake ndikondwera kuti Dipatimenti ya za Nsomba pamodzi ndi bungwe la WorldFish anayamba nchito yosankha mbeu ya madontho atatu yokula msanga.

Asanamalize, wophunzira amatumizidwa kukagwira nchito pa famu ya nsomba kapena pa malo a Boma, kumene amalowa m'matope ndi kukoka ukonde monga wanchito wina aliyense. M'caka cotsiriza amasankha funso limodzi, naliyesa yekha, nalemba zimene wapeza.

Sindifuna kukunamizani kuti njirayi ndi yosalala. Kulowa pa yunivesiti kufuna makirediti asanu pa mayeso otsiriza a ku sekondale, ndipo pakati pao payenera kukhala Cingelezi, masamu ndi sayansi. Malipiro ndi okwera. Bungwe la Boma la HELSB limabwereketsa ndalama kwa ophunzira ena, koma si onse opempha amalandira, ndipo imeneyo ndi ngongole yobweza. Malo a nchito m'Boma ndi ocepa. Ena omaliza amalembedwa ndi makampani a ku Kariba kapena opanga cakudya ca ziweto, ena amaphunzitsa, ena amayamba okha kuswetsa ndi kugulitsa mbeu, nchito imene alimi a kutali ndi njanji aifuna kwambiri, pakuti tiana toyenda ulendo wautali m'mapulasitiki timafika totopa, tina titafa. Ndiponso digiri si khomo lokhalo. Ku NRDC mu Lusaka kuli dipuloma ya za nsomba ya zaka zitatu, ndipo ku Kasaka pafupi ndi Kafue kuli sukulu yopereka satifiketi. Alipo amene anayambira pamenepo nakwera pambuyo pake.

Kwa inu aphunzitsi ndili ndi pempho limodzi. Musalole kuti m'kalasi mwanu mumveke mau akuti za nsomba ndi za anyamata, kapena kuti masamu ndi a anyamata. Amene anayanjanitsa mabanja awiri aja anali mtsikana, ndipo cimene anabwera naco cinali cida coyezera, kope ndi pensulo.

Tsono nayi nchito ya mlungu uno. Aphunzitsi atunge okha madzi a pa damu kapena pa dambo. Ana asalowe m'madzi cifukwa ca likodzo ndi ng'ona. Thirani madziwo m'mabotolo atatu oonekera m'kati. M'botolo loyamba musaikemo kanthu, muliike pa dzuwa. M'laciwiri ikani manyowa ouma a nkhuku ongotsina ndi zala ziwiri, nalonso likhale pa dzuwa. M'lacitatu ikani manyowa omwewo, koma mulibise m'kabati mopanda kuwala. Musatseke mabotolo, ndipo musambe m'manja ndi sopo mukamaliza. Tsiku lililonse mwana mmodzi alembe m'kope mtundu wa madzi a m'botolo lililonse. Pakapita masiku khumi, kambiranani kuti ndi botolo liti labiriwira, ndi cifukwa cake.

A m'makalasi apamwamba abwerezenso masamu a dziwe lija, koma tsopano katumbu wabvuta, ndipo pa 100 iliyonse zapulumuka 60 zokha. Kodi mlimi akolola makilogalamu angati? Yankho tidzalipereka poyamba pa pulogalamu ya mlungu wa mawa, nthawi yonga yomwe ino. Tsalani bwino.